Nthabwala Ziri ndi Malamulo Ake



Tauni yathu ya Ulónguè ndi yaing'ono, ndipo anthu timadziwana. Munthu akachoka ku bayiro kwao kupita ku msika, safika asanalonjerane ndi anthu khumi. Pa anthu khumiwo, asanu amuseka. Wina anena za njinga yake yopanda mabuleki. Wina afunsa ngati nkhumba yake yoonda ija ikali moyo. Iye abweza mau, onse aseka, ulendo upitirira.

Ena amati kuseka kotere n'kutaya nthawi. Ati mlimi agwire khasu, atseke pakamwa. Ine ndikukana. Nthabwala zimatithandiza kukhala pamodzi. Koma nthabwala ziri ndi malamulo ake. Makolo athu anawadziwa malamulowo, ife tayamba kuwaiwala. Tikawaiwala, kuseka kumasanduka miseche, ndipo miseche imapasula kooperativa.

Kumene timasekera

Timaseka pa chigayo poyembekeza kugayitsa. Timaseka pa mjigo, pa bawo, pa dima ndi pokwera shapa. Pamene pali kuseka anthu amakhalitsa, ndipo anthu akakhalitsa nkhani zimamveka. Kodi kachewere ali pa mtengo wanji ku Lizulu? Kodi magalimoto ogula a ku Tete afika? Kodi ku Tsangano mvula yayamba? Zonsezi timazimva pakati pa nthabwala.

Taganizani za mbozi yoononga chimanga imene inalowa m'dziko muno mu 2017. Mbozi siyembekeza tsiku la msonkhano. Ikaoneka m'munda wa mmodzi ku Dómuè, ena ayenera kumva msanga kuti akayang'ane m'nsonga za chimanga chao. Amamva kuti? Pa chigayo pomwepo. Munthu wokhala yekha, wosaseka ndi anzake, amamva mbozi itamaliza munda.

Ngakhale ndalama timaiseka. Metikale inalowa m'malo mwa esikudo mu 1980. Mu 2006 boma linachotsa maziro atatu pa ndalama, koma pa msika timawerengabe makonto. Mudzamva agogo akuti: "Ine ndinali ndi mamiliyoni, anandilanda maziro!" Onse aseka. Umphawi sunathe, koma mtima wapepuka, ndipo mawa munthu adzadzukanso kupita kumunda.

Angoni ndi Achewa

Dzina la Angónia linachokera kwa Angoni. Angoni a Maseko anakhazikika pafupi ndi phiri la Dómuè m'zaka za m'ma 1800. Anafika ndi nthungo ndi zishango. Anakwatira akazi a kuno, ndipo ana anaphunzira chinenero cha amayi ao. Lero Mchewa amati: "Munabwera ndi nthungo, ife tinakulandani lilime." Mngoni abweza: "Pitani mukakumbe mbewa, nyama ya ng'ombe simuidziwa." Mchewa abwezanso za mowa. Palibe wokwiya. Anthu amene makolo ao anamenyana lero amadyera mbale imodzi.

Nkhondo ya m'dziko muno itakula, makamaka mu 1986, anthu ambiri a kuno anathawira ku Malawi, ku Dedza ndi ku Ntcheu. Anabwerera pambuyo pa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992. Ena anabwera ndi mau a ku Malawi, ena anali ndi Chipwitikizi cha m'tauni. Wina amati sukulu, wina amati shikola, ndipo mpaka lero timasekana nazo. Ine ndikuganiza kuti kusekana kotere kunathandiza anthu osiyana zaka zambiri kukhalanso pa mphasa imodzi.

Malamulo a makolo

Lamulo loyamba: dziwa woseka naye. Msuweni wako ungamuseke, ngakhale kumutcha mkazi wako kapena mwamuna wako. Mlamu wako ungamuseke. Agogo ndi mdzukulu amasekana tsiku lonse. Koma apongozi suwaseka. Ukakumana nao panjira umapatuka. Makolo anadziwa kuti mau amodzi omwewo kwina akoma, kwina apweteka.

Lamulo lachiwiri: seka pamaso, ndipo seka munthu wotha kubweza. Nthabwala ziri ngati bawo, aliyense ali ndi nthawi yake yosewera. Ukaseka munthu palibe, abweza bwanji? Ukaseka mwana wachibwibwi, kapena mayi wamasiye, kapena mlendo wosadziwa chinenero chathu, abweza bwanji? Kumeneko si kuseka. Ndi chipongwe basi.

Lamulo lachitatu: woseka agwirenso ntchito. Onani adzukulu pa maliro. Amanena zoseketsa pakati pa chisoni, amanyogodola ngakhale anamfedwa, ndipo palibe wowaletsa. Chifukwa chiyani? Chifukwa ndi iwo akumba manda. Ndi iwo anyamula maliro. Pakamwa pao pali ufulu chifukwa manja ao agwira ntchito yolemetsa. Kodi ife amene timaseka mnzathu, tsiku la vuto lake timapezeka?

Nthabwala yosunga malamulo amenewa imakonza munthu. Tinene kuti membala wina amafika ku munda wa kooperativa dzuwa litakwera. Anzake aimika makasu, nati: "Takulandirani, abwana! Mpando tiike pati?" Iye aseka, achita manyazi pang'ono, mawa alawirira. Sipanafunike mlandu, sipanafunike chindapusa. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Nthabwala ziwiri zoti tisiye

Yoyamba ndi ya zokolola. Mnzathu akadzaza nkhokwe pamene ife takolola zochepa, timati: "Ameneyu ali ndi mankhwala, amakawa chimanga cha anzake usiku." Timanena moseka, inde. Koma mau akatuluka pakamwa sabwerera. Pa chigayo inali nthabwala. Pofika pa mjigo yasanduka nkhani. Pofika pa mowa yasanduka mlandu. Tonse tikudziwa kuti m'dziko muno okalamba ena, makamaka amayi, amathamangitsidwa pakhomo pao, ena kumenyedwa kumene, chifukwa chonenedwa ufiti. Zambiri zotere zimayamba ndi mau ang'onoang'ono.

Nthabwala imeneyi imatipwetekanso ife eni ake, chifukwa imatiletsa kufunsa. Tikanamufunsa mnzathuyo akanatiuza. Mwina satentha mapesi, amawakwirira kuti aole. Mwina amaunjika mapesi, ndowe za ng'ombe ndi phulusa, kuthirira madzi ndi kutembenuza, mpaka zisanduke manyowa patapita miyezi iwiri kapena itatu. Mwina amabzala ndi mvula yoyamba yokwanira, napalira udzu ukali waung'ono, chimanga chisanathe milungu itatu chimerere. Mwina amabzala chimanga pamene chaka chatha panali soya kapena nyemba. Zulani soya muone mizu yake: iri ndi timatuza ting'onoting'ono. Timatuza timeneti timaonjezera chakudya cha mbewu m'nthaka. Mwinanso sabzala kachewere pamene panali tomato, chifukwa mbewu ziwirizi zimagwidwa matenda amodzi, monga chiwawu. Mankhwala ake ndi amenewo. Ali poyera, ndipo aliyense angawatenge. Koma munthu amene tamutcha mfiti sadzatiitananso kumunda kwake. Ndipo mnyamata amene anafuna kuyesa njira yatsopano adzaopa, nati: "Ndikakolola zambiri andinena."

Yachiwiri ndi ya ndalama za kooperativa. Msungichuma akagula njinga, timati: "Ndalama zathu zamera matayala." Mwina njingayo wagula atagulitsa nkhumba zake. Mwina wabadi. Nthabwala singatiuze zoona zake. Ngati sanabe, tamuipitsira dzina, ndipo chaka chamawa munthu wokhulupirika adzakana udindo umenewu. Ngati waba, kuseka sikubweza ngakhale metikale imodzi. Njira iripo. Kooperativa iri ndi buku la ndalama, ndipo ife tsopano tikudziwa kuwerenga manambala. Pa msonkhano membala aimirire, anene: "Tikupempha buku liwerengedwe." Matumba angati anagulitsidwa? Pa mtengo wanji? Ndalama zinalowa zingati, zinatuluka zingati? Funso lotere si mwano. Ndi ufulu wa membala ali yense, ndipo msungichuma wolungama amakondwa nalo chifukwa limamuyeretsa.

Wina adzati: "Aa, inenso ndimangoseka, mulandu uli pati?" Ndikumva. Koma tayesani chonchi. Kodi mau amenewo mungawanene mwini wake ali pomwepo? Kodi iye angaseke nanu? Ngati yankho ndi inde, nenani, tiseke tonse. Ngati ndi iyayi, mezani. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe. Chaka chamawa wodzaza nkhokwe angakhale inu. Wosunga buku angakhale mwana wanu.

Winanso adzati: "Ndiye kuti tizikhala duu ngati pa bwalo la milandu?" Iyayi, abale. Tauni yopanda nthabwala ingatopetse, ndipo dima lopanda kuseka silitha msanga. Sekani njinga, sekani nkhumba yoonda, sekani Mngoni ndi mowa wake, Mchewa ndi mbewa zake. Zoseka ziripo zambiri, sizidzatha. Ziwiri zokha ndi zimene ndikupempha kuti tisiye: kunena mnzathu ufiti chifukwa cha zokolola, ndi kunena mnzathu kuba tisanaone buku.

Ntchito imeneyi iyambe ndi ife a m'kooperativa. Wina akayamba za kukawa pa chigayo, timuyankhe pomwepo: "Tiyeni Loweruka tikaone munda wake, atiphunzitse." Wina akayamba za matayala, timuuze: "Mukanene pa msonkhano, buku libwera." Amayi ndi abambo, inu mumawadziwa malamulo a makolo kuposa ife achinyamata. Tikalakwa pakamwa, titsineni khutu.

Mafunso oti tikambirane m'gulu

1. Kodi kwanu kuno ndani amene mungaseke naye, ndipo ndani amene simungaseke naye?
2. Chifukwa chiyani adzukulu amaloledwa kuseka pa maliro?
3. Tchulani zinthu zitatu zimene mlimi amachita kuti akolole chimanga chambiri.
4. Kodi buku la ndalama la kooperativa yanu linawerengedwa liti komaliza? Lembani tsiku la msonkhano umene mudzapemphe kuti liwerengedwe.