Injini Imodzi Ikazima Mumlengalenga

Aliyense amene adafikako pa bwalo la ndege la Chingodzi ku Tete, kapena la ku Lichinga, adaziwonapo ndege zija za mapulopela awiri, imodzi ku phiko lakumanzere ina ku phiko lakumanja, monga za mtundu wa Q400 zomwe kampani ya LAM idabweretsa kuti ziziyenda m'dziko muno. Ana a m'maboma a m'malire muno amene amagwira ntchito ku Maputo ndi ku Beira amazikwera pobwera ku maliro kapena ku tchuthi. Makolo otsala kumudzi sagona nazo tulo, ndipo funso lawo ndi limodzi: nanga injini imodzi ikazima ali m'mwambamo, zimatha bwanji? Sabata ino tsamba lino likuyankha funso limenelo.

Yankho lake ndi lakuti ndegeyo sigwa ayi. Lamulo sililola ndege yonyamula anthu ambiri kuyamba ntchito isadasonyeze kuti ingathe kukwera, kuuluka ndi kutera ndi injini imodzi yokha. Choopsa chenicheni chili pa manja a anthu awiri okhala kutsogolo aja m'masekondi oyamba injiniyo itangozima. N'chifukwa chake oyendetsa ndege, omwe ambiri amangowatchula kuti apiloto, amakhala maola ambiri m'bokosi lotchedwa simyuleta, ndege yongoyerekeza imene sichoka pansi.

Poyamba ndi bwino kudziwa chimene iwo amayendetsa. Injini ya ndege zotere siili ngati ya chigayo kapena ya chapa. Ilibe mapisitoni. Imakoka mpweya, kuupanikiza, kuuthira mafuta ofanana ndi palafini n'kuyatsa, ndipo mpweya wotenthawo umazunguza magudumu a m'kati amene kudzera m'magiya amazunguza pulopela. Pa ndege ya ATR 72, yopangidwa ku Toulouse m'dziko la France ndipo imanyamula anthu pafupifupi 70, pulopela ili ndi mapeni 6 ndipo ponyamuka imazungulira maulendo 1,200 pa mphindi imodzi.

Chinsinsi chili pa mapeniwo, pakuti lililonse limatembenuka pa tsinde pake. Wopalasa bwato pa Zambezi kapena pa nyanja amadziwa kuti nkhafi ikalowa m'madzi chambali chake chachikulu imakankha bwato, koma akaigwira chilili bwato likuyenda imasanduka buleki, ndipo akaitembenuza kuti idule madzi ngati mpeni siikankha komanso siigwira. Pulopela ndi chimodzimodzi. Injini ikafa mapeni ali chifufumire, mphepo imawazunguza ndipo amakokera ndege m'mbuyo. Tsono amayenera kuimikidwa chammbali kuti azingodula mphepo. Ndege za masiku ano zili ndi kachipangizo koimika mapeniwo pakokha kakamva kuti injini yataya mphamvu ponyamuka.

Pakati pa mipando iwiri ya apiloto pali ndodo zinayi, ziwiriziwiri. Ziwiri ndi za mphamvu: kukankhira kutsogolo injini ikalipa, kubweza m'mbuyo ifatsa. Ziwiri zinazo ndi zoimika mapeni, ndipo zikabwezedwa mpaka kumapeto zimatseka mafuta, injini n'kuzimiratu. Ndodo ya injini yakumanzere ndi ya yakumanja zidayandikana kotero kuti dzanja limodzi limagwira zonse ziwiri. Pambali pake pomwepo pali ndodo inanso yotsitsa timapiko ta kumbuyo kwa phiko, totchedwa flaps, tothandiza ndege kuuluka pang'onopang'ono potera. Wowerenga asunge malo amenewa m'mutu, chifukwa nkhani yonse ibwerera pamenepa.

Nanga injini ikazima ndege imatani? Mlimi wa ku Angónia safunika kuuzidwa. Ng'ombe ziwiri zili pa goli zikukoka ngolo, yakumanja n'kugwa: yakumanzere ipitiriza kukoka ndipo ngolo ipotokera kumanja, kumene kuli yakugwayo. Ndege nayo imapotokera ku mbali ya injini yakufa. Piloto amaiwongola popondereza chopondera cha mbali ya injini yamoyo, chimene chimatembenuza chiwongolero cha kumchira. Apa mpamene padachokera malangizo amene wophunzira aliyense amaloweza, akuti phazi limene likungokhala osaponda lili ku mbali ya injini yakufa. Koma phazi lokha silikwanira. Ayenera kuyang'ananso mawotchi ndi magalasi a kutsogolo kwake, n'kutchula mokweza nambala ya injiniyo, mnzake n'kuvomera.

Zimenezi sizingaphunziridwe bwino pa ndege yeniyeni. Kale ankayesa, mphunzitsi n'kumabweza dala mphamvu ya injini imodzi ali pafupi ndi nthaka, ndipo ena adafera m'maphunziro momwemo. Bokosi loyamba lodziwika adalipanga ndi Edwin Link wa ku Binghamton, m'dziko la America, mu 1929. Bambo wake ankapanga malimba oimbira, ndiye mwanayo adatenga mivukuto ya m'malimbamo kuti izipendeketsa kabokosi kokhala ndi mpando ndi mawotchi. Poyamba ambiri adakayesa choseweretsa. Mu 1934, apiloto angapo a asilikali atafa ponyamula makalata usiku ndi m'nkhungu, gulu lankhondo lidagula mabokosi 6, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adapangidwa opitirira 10,000.

Simyuleta ya lero ndi chipinda chathunthu choimikidwa pa miyendo 6 yachitsulo imene imatalika ndi kufupika. M'kati mwake ndi chimodzimodzi ndi kutsogolo kwa ndege yeniyeni, batani lililonse lili pamalo pake. Pa mawindo pamawoneka bwalo la ndege, mapiri, mvula kapena mdima. Chipindacho chikapendekera m'mbuyo, thupi limamva ngati ndege ikuthamanga, ndipo amuna akuluakulu amatulukamo malaya atanyowa ndi thukuta. Mtengo wake ndi madola mamiliyoni angapo, n'chifukwa chake makampani ang'onoang'ono amatumiza apiloto awo kunja kukabwereka nthawi. M'mayiko ambiri piloto wonyamula anthu amabwereramo pafupifupi miyezi 6 iliyonse kukayesedwa, ngakhale akhale ndi imvi.

Phunziro limayamba ndege ili zii, magetsi onse ozima. Pali ndondomeko yolembedwa, mmodzi amawerenga wina n'kumachita: batire, mapampu a mafuta, kenaka kuliza injini maso ali pa wotchi ya kutentha, pakuti ikatentha mopitirira poyaka imapserera m'kati. ATR ili ndi kachitidwe kena kochititsa chidwi. Pulopela yakumanja ili ndi buleki, kotero injiniyo ikhoza kumalira pulopela itaima, n'kumapereka magetsi ndi mpweya wozizira anthu akukwera. Zonsezi wophunzira amazigwira msanga. Mphunzitsi, amene amakhala kumbuyo kwawo ndi kompyuta yake, amadikira pena.

Amadikira pamene ndege ikuthamanga pa msewu wake ndipo yafika pa liwiro lotchedwa V1, pamene msewu wotsala sungakwanenso kuimapo. Pamenepo amadina batani, injini imodzi n'kufa. Belu limalira, nyali yofiira imaphethira, mphuno ya ndege imathawira kumbali. Mtima wa munthu umamuuza kuti gwira kanthu, koka kanthu. Koma chimene akuphunzitsidwa ndi chosiyana: awongole ndege, aikweze, asunge liwiro, ndodo azisiye kaye mpaka atafika pamwamba poyenera. Akafika pamenepo mmodzi amaika dzanja pa ndodo n'kutchula nambala yake, ndipo saikoka mpaka mnzake atayang'ana ndi maso ake n'kunena kuti ndi yomweyo. Kwa mlendo zimawoneka ngati chidodo. Koma injini yakufa ingathe kudikira masekondi khumi, pamene yamoyo ikazimitsidwa siidzuka msanga.

Zimene zidachitika ku Taipei, pa chilumba cha Taiwan, zidasonyeza kulemera kwa mwambo umenewu. Pa 4 Febuluwale 2015 m'mawa, ATR 72-600 ya kampani ya TransAsia Airways idanyamuka pa bwalo la Songshan kupita ku Kinmen itanyamula anthu 58. Ndegeyo inali isadathe chaka chigulidwire. Patangopita masekondi osakwana 40, ili pa mamita pafupifupi 370, kachipangizo kaja koimika mapeni kadanamizidwa ndi mtovu wolumikizira mawaya umene udali wosagwira bwino, ndipo kadaimika mapeni a injini nambala 2, yakumanja. Galasi la kutsogolo lidalemba poyera kuti vuto lili pa nambala 2. Injini nambala 1 inali bwinobwino, ndipo ikadatha kuwabwezera pa bwalo.

Mkulu wa ndegeyo, amene ankayendetsa, adachotsa makina oyendetsa okha n'kuyamba kubweza ndodo ya mphamvu ya nambala 1. Mnzake adayesa kumuuza kuti ayambe atsimikiza, koma sadagwirizane chimodzi monga ndondomeko imanenera, ndipo posakhalitsa mafuta a nambala 1 adatsekedwa. Tsopano mapulopela onse awiri sankakoka. Pamene adazindikira n'kuyesa kuiyatsanso, nthaka inali itayandikira. Makina ojambula mawu adamumva iye mwini akunena kuti wabweza ndodo ya mbali yolakwika. Phiko lidakhudza galimoto ya hayala pa mlatho, ndege n'kugwera mu mtsinje wa Keelung. Ulendo wonse sudakwane mphindi zinayi. Anthu 43 adafa, 15 adapulumuka.

Chopweteka kwambiri chidatuluka m'lipoti la bungwe lofufuza ngozi za ndege la ku Taiwan mu 2016. Mu Meyi 2014, pamene ankayesedwa kuti akhale mkulu wa ndege, munthu yemweyo adalephera mayeso a m'simyuleta, ndipo mwa zimene zidamuvuta padali kuzima kwa injini ponyamuka. Adayesedwanso mwezi wotsatira, adakhoza, ndipo adakwezedwa. Kunena zoona, bokosilo lidagwira ntchito yake. Lidaloza chilonda miyezi ingapo ngozi isadachitike. Chimene chidasowa ndi anthu ochitsatira mpaka chipole, ndipo ofufuza sadaloze chala piloto yekha, adadzudzulanso kaphunzitsidwe ndi kayang'aniridwe ka kampani. Pambuyo pa ngoziyo boma lidalamula kuti apiloto a ATR a kampaniyo afunsidwe mafunso a zochita pangozi, ndipo 10 mwa 49 oyamba adalephera. Kampaniyo idatsekedwa mu Novembala 2016.

Ku Nepal kudachitika zofanana nazo pa 15 Januwale 2023. ATR 72 ya Yeti Airlines inkatera ku Pokhara, injini zonse zili zamoyo, kunja kuli ngwee. Woyendetsa adapempha mnzake kuti atsitse flaps. Mnzakeyo, amene adali mphunzitsi wodziwa ntchito, dzanja lake lidagwira ndodo za pambali pake zija, mapeni a mapulopela onse awiri n'kuima chammbali. Injini zinkalira koma sizinkakoka. Anthu onse 72 adafa.

Wina angafunse ngati ndege za mapulopela ndizo zoopsa. Iyayi. Kuzimitsa injini yolakwika kudachitikaponso pa ndege ya jeti, monga ku Kegworth m'dziko la England mu 1989, pamene anthu 47 adafa. Ndipo injini zimazima kangapo pa chaka m'mayiko osiyanasiyana, apiloto n'kutera bwino, wailesi osanenako kanthu chifukwa palibe wafa. Ndege zotere zimakondedwa pa maulendo afupiafupi chifukwa sizimwa mafuta ambiri ndipo zimatera pa misewu yaifupi.

Achinyamata a ku Ulónguè kapena ku Mandimba amene amalota za ntchito imeneyi adziwe kuti simyuleta zazing'ono ziliponso za pa kompyuta wamba. Microsoft Flight Simulator idayamba kugulitsidwa mu 1982, ndipo pali inanso yotchedwa X-Plane. M'menemo muli ndege za mapulopela awiri monga King Air, ndipo munthu angathe kuphunzira kuyatsa kuchokera pa batire, kuwerenga mawotchi, ngakhale kudzizimitsira injini. Chitupa cha upiloto sichichokera pamenepo, pakuti mpando sugwedezeka ndipo palibe womuyesa. Komabe amene akuseweretsa akhoza kutengerapo chizolowezi chabwino kapena choipa. Wongodina mabatani mwachisawawa mpaka belu litasiya kulira akudziphunzitsa dzanja lofulumira lija. Ndi bwino kuitana mnzake akhale pambali ndi pepala la ndondomeko, mmodzi aziwerenga, wina azichita, ndipo ndodo isakokedwe wachiwiriyo asadavomere.

M'simyuleta yeniyeni, wophunzira akazimitsa injini yolakwika, mawindo amafiira ndipo chipinda chimaima. Mphunzitsi amatsegula zimene kompyuta yasunga, n'kumuwonetsa sekondi imene dzanja lidapita pa ndodo ndi mawu amene sadanenedwe. Akatha amadina batani lina, ndege imapezeka yabwerera kumayambiriro a msewu wake, injini zonse zikulira, ndipo amawauza kuti anyamukenso. Nthawi ino sawauza kuti izime ndi iti.