Sanali wamwano, sankatimva

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndikufuna ndiulule kulakwa kwanga kumodzi, kenaka ndinene zimene ndakhala ndikuganiza kuchokera nthawi imeneyo. Nkhani yake ndi ya mtsikana wina wa kuno kwa Mphuka amene ndinamuphunzitsa Bayoloje kuyambira Fomu 1. Dzina lake sinditchula, ndipo inu amene mwamuzindikira chonde sungani pakamwa.

M'teremu yake yoyamba ndinamupatsa chibalo chotchetcha udzu kuseri kwa zimbudzi. Mlandu wake unali wakuti ndinamuitana katatu ali pakhomo la kalasi, iye osatembenuka. M'chipinda cha aphunzitsi mbiri yake inali itamveka kale: wamwano, wodzimva, ukamufunsa ichi amayankha icho. Panatha chaka chathunthu tisanadziwe kuti khutu lake lakumanja silimva n'komwe ndipo lakumanzere limamva pang'ono chabe. Amene anatitsegula maso ndi mnzake wokhala naye desiki imodzi. Tsiku lina ananditsatira panja n'kunena motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, mukamamuyankhula ameneyu muziima mbali iyi." Ine amene ndajambula khutu pa bolodi kwa zaka zambiri, kufotokoza za nembanemba ndi timafupa titatu tija, ndinachita kuuzidwa ndi mwana wa Fomu 2.

Ndiloleni ndikuyendetseni tsiku lake limodzi, monga mmene anandifotokozera pambuyo pake. M'nyengo ya dzinja mayi ake ankanyamuka kusanache kupita kukathyola tiyi, pakuti kuyambira Disembala mpaka Epulo ndi pamene masamba amachuluka, ndipo ndalama imayendera makilo amene munthu wathyola. Mtsikanayu ndiye ankatunga madzi, kuphika phala ndi kusambitsa ang'ono ake. Ulendo wa kusukulu unali wopitirira ola limodzi. Ankayenda m'mphepete mwenimweni mwa msewu, n'kumacheuka pafupipafupi, chifukwa njinga yamoto ya kabaza kapena thirakitala yonyamula masamba ikamabwera kumbuyo sankaimva mpaka itamufika.

Pa asembule zonse timalengeza ndi pakamwa: tsiku la mayeso, kusintha kwa ndandanda ya maphunziro, kalasi imene ikusesa sabata imeneyo. Iye ankaima kumbuyo chifukwa ndi wamtali. Ankangoyang'ana anzake, akaseka nayenso ankaseka, akawomba m'manja nayenso ankawomba. Kawiri konse anabwera wosakonzekera mayeso a pakati pa teremu, ife n'kulemba kuti ndi waulesi.

M'kalasi munali ana oposa 80, ndipo utali womwewo unamuika pa mzere womaliza. Mabuku a Bayoloje anali ochepa, buku limodzi ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, choncho ndinkachita zimene tonse timachita m'sukulu zathu za CDSS: kutchula manotsi, ana n'kumalemba. Nthawi zina ndinkafotokoza nkhope ili ku bolodi, choko chili m'manja. Mtsikanayu anali atadziphunzitsa yekha kuwerenga milomo. Ndikangotembenuka, kwa iye phunziro linali litathera pomwepo. Nthawi yopuma, anzake akuthamangira mandasi ndi chinangwa pansi pa mtengo, iye ankatsala m'kalasi kukopera manotsi a mnzake, pamodzi ndi zolakwika zonse zimene mnzakeyo analemba.

Nonse mukudziwa zimene zimachitika mvula ya kuno ku Thyolo ikayamba kugunda malata. Mphunzitsi amakuwa, ana amangoona pakamwa pakuyenda, mapeto ake timasiya kuphunzitsa n'kudikira kuti ikate. Ife timapirira zimenezi kwa mphindi 20. Kwa iye mapiriyodi onse anali otero, dzinja ndi chilimwe chomwe, ndipo panalibe mphunzitsi amene ankaimitsa phunziro kumudikira.

Ngakhale kumasewera zinali chimodzimodzi. Pa mpira wamanja ankachinya bwino kwambiri, koma wezulo ikalira iye ankapitirizabe kuthamanga, anthu n'kuseka. Anamuchotsa mu timu akuti samvera malamulo. Anyamata ena anamupatsa dzina lonyoza limene sindilibwereza pano. Dzina limenelo ndi umboni wakuti ana anzake ankadziwa kale vuto lake. Amene sitinkadziwa ndi ife aphunzitsi okha.

Phunziro limene linamuzunza kwambiri ndi Chingerezi, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa. Munthu amene samva bwino kawirikawiri amataya timawu tonong'ona monga s, f, t ndi th. M'Chichewa mawu onse amathera ndi lembo la liwu, a, e, i, o kapena u, ndipo mwana amene akuchidziwa chiyankhulocho amatha kulota zimene zamudutsa. M'Chingerezi kusiyana kwa chimodzi ndi zambiri, kapena kwa lero ndi dzulo, kumabisala kumapeto kwa mawu, mu timawu tomwe tija timene iye sankatimva. Ndiye kuyambira Sitandade 5, pamene maphunziro amayamba kuchitika m'Chingerezi, mwana wotere amayamba kutsalira pang'onopang'ono. Akafika kwa ife kusekondale timangoti mutu wake ndi wouma.

Titazindikira, tinaitana mayi ake katatu osabwera. Enafe tinayamba kale kunena kuti makolo a pa esiteti salabadira za sukulu. Koma tsiku limodzi lojomba m'nyengo yothyola ndi ndiwo za sabata yonse. Ndinakakumana nawo Lamlungu atatuluka m'tchalitchi. Anati mwanayu anadwala malungo aakulu ali Sitandade 2, ndipo kwa zaka zingapo m'makutu munkatuluka mafinya. "Aphunzitsi, ine ndimangoti ndi chibwana. Kunyumba tikakuwa amamva." Sanalakwe mayiwa. Anachita zimene ankadziwa. Malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi ndi mafinya a m'khutu osachiritsidwa ndi zina mwa zinthu zimene zimawononga kumva kwa ana, ndipo zonsezi kwathu kuno si zachilendo.

Tsopano ndinene maganizo anga. Pa mapepala dziko lathu layenda ulendo wautali. Mu 1994 maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu a ulumali. Mu 2012 tinakhala ndi lamulo la anthu a ulumali, ndipo mu 2024 linalowedwa m'malo ndi latsopano. Unduna wa Zamaphunziro unatulutsa ndondomeko ya 2017 mpaka 2021 yakuti ana onse aziphunzira limodzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi 10 ali ndi ulumali wa mtundu wina. Si onse amene ali pasukulu, koma mphunzitsi wa ana 80 amene akunena kuti m'kalasi mwake mulibe ngakhale mmodzi, ndiye kuti sanayang'ane.

Tili ndi koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, imene imasula aphunzitsi a ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira. Tili ndi sukulu za ana osamva monga Mary View ku Nguludi komweko, Mua ku Dedza, Embangweni ku Mzimba, ndi Mountain View kwa Bvumbwe, m'boma lathu lomwe lino. Ntchito imene amagwira kumeneko ndi yaikulu. Koma mtsikana wanga uja sanali wa kumeneko. Amayankhula bwinobwino, chinenero chamanja sachidziwa, ndipo mayeso a Sitandade 8 anakhoza yekha. Anali pakati: amamva mokwanira kuti tisamukayikire, koma osati mokwanira kuti aphunzire mmene timaphunzitsira. Ana a pakati oterewa, amene saona bwino pa bolodi, amene samva bwino, amene amasokoneza zilembo, amene amagwa khunyu, ali m'makalasi athu wamba. Mwana wotere ngati sathandizidwa ndi mphunzitsi wa Bayoloje, wa Masamu kapena wa Jogalafe, ndiye kuti sathandizidwa ndi wina aliyense.

Ndikudziwa zimene anzanga ena munena, pakuti mwanenapo kale tikumwa tiyi. Mumati ife sitinaphunzire zimenezi kukoleji, ana ndi ambiri, silabasi ndi yaitali, malipiro ndi ochepa, ndipo imeneyi ndi ntchito ya akatswiri a ku Montfort. Zambiri mwa izi ndi zoona, ndipo boma lisabisale kumbuyo kwa chifundo cha aphunzitsi. Likuyenera kutumiza aphunzitsi apadera m'sekondale za kumudzi, kugula mabuku, ndi kuonetsetsa kuti ana ayezedwa maso ndi makutu asanafike Fomu 1. Koma mwana amene ali mu Fomu 1 chaka chino ali ndi zaka zinayi zokha. Sangadikire bajeti ya chaka chamawa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Zimene tinachita titadziwa sizinalire ngakhale tambala. Tinamusamutsira kutsogolo, mbali ya kudzanja lamanja la kalasi, kuti khutu lomva lija liloze kumene mphunzitsi amaima. Ndinadziletsa kuyankhula nkhope ili ku bolodi: ndimalemba kaye, n'kutembenuka, kenaka n'kufotokoza. Mawu atsopano onse ndimawalemba, sindingowatchula. Mwana wakumbuyo akayankha funso ndimabwereza yankholo mokweza. Zolengeza za pa asembule tinayamba kuzimata pa chitseko cha ofesi. Ku mpira, woimbira amakweza mkono pamodzi ndi kuliza wezulo. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti ana ena amene sindinkawaganizira n'komwe anayambanso kukhoza bwino. Manotsi olembedwa pa bolodi sapweteka mwana aliyense.

Pali zinanso ziwiri zimene ndi udindo wa sukulu. Choyamba ndi kalata yopita nayo kuchipatala. Mtsikanayu anayambira pa chipatala cha boma ku Thyolo, n'kutumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre kumene amayeza makutu, ndipo anapatsidwa kachipangizo kothandizira kumva. Kanamuthandiza, ngakhale timabatire take sitipezeka m'magolosale a kuno, ndipo masiku oyamba ankakabisa m'thumba poopa kusekedwa. Chachiwiri ndi MANEB. Bungweli limakonza mapepala a Braille ndi a zilembo zikuluzikulu, komanso limapereka nthawi yoonjezera kwa ofunika thandizo lapadera, koma liyenera kuuzidwa pa nthawi yolembetsa mayina. Sukulu ikangolemba mwana ngati wina aliyense, tsiku la mayeso palibe chimene woyang'anira angachite. Anzanga amene mumagwira za kalembera wa JCE ndi MSCE, funsani aphunzitsi a makalasi musanatumize mayina.

Ndikupempha chinthu chimodzi chimene sukulu iliyonse ingathe. Sabata yoyamba ya Fomu 1, mphunzitsi wa kalasi atenge piriyodi imodzi yokha. Aimike mwana aliyense kumbuyo kuti awerenge zilembo za pa bolodi, diso limodzi atatseka. Amuyankhule motsitsa mawu ali kumbuyo kwake, mbali iyi kenaka mbali iyo. Amufunse ngati anadwalapo makutu kapena kukomoka. Kumeneku si kuyeza kwa dokotala ayi, koma n'kokwanira kutiuza amene ayenera kukhala kutsogolo ndi amene ayenera kulemberedwa kalata. Ndipo tisanapereke chibalo cha mwano, tidzifunse kaye ngati mwanayo watimva.

Mwina mukufuna kudziwa mmene zinathera. JCE anakhoza. Pa MSCE anapeza kirediti mu Bayoloje ndi Zaulimi, koma Chingerezi chinamugwetsa, ndipo mukudziwa kuti popanda Chingerezi satifiketi palibe. Sindinganene motsimikiza kuti chaka chimene tinamutayitsa mu Fomu 1 ndicho chinachititsa, pakuti vutoli linayambira ku pulayimale. Koma sindinganenenso kuti ndilibe mbali. Pano akuphunzira kusoka, ndipo akusunga ndalama zakuti adzalembenso Chingerezi. Tikakumana pamsika amandipatsa moni mwaulemu, n'kupendeketsa mutu kuti khutu lakumanzere likhale mbali yanga. Za udzu uja sanazitchulepo.

Kwa inu ophunzira anga akale, ambiri tsopano ndinu makolo, ena anamwino, ena aphunzitsi ngati ine. Kumbukirani mnzanu uja amene munkamuseka kuti ndi wogona, amene ankakhala kumbuyo osayankhula. Mwana wanu akamakweza wailesi mopitirira, akamati "mwati chiyani?" pafupipafupi, kapena akamatuluka mafinya m'khutu, pitani naye kuchipatala msanga, ndipo kauzeni aphunzitsi ake. Musadikire kuti azindikire okha. Ine zinanditengera chaka chathunthu, chikhalirecho khutu ndi limene ndimaphunzitsa.

Teremu ikubwerayi ndili ndi Fomu 1, ndipo piriyodi yoyamba ija ndaisunga kale.