Musanagulire galu vesiti yotikita, tionetseni khadi la katemera

Amene mumayenda pa intaneti mwaziona kale. Pakati pa malonda a mawigi, mafoni ndi nsapato pamatulukira kavidiyo ka galu atavala kavesiti konjenjemera, maso ali tsinzi ngati bwana amene walandira penshoni. Pali makolala a batire ogwedeza khosi, malamba omanga pamsana oti azitikita minofu, ndi magolovesi a mphira amene mwini galu amavala posisita chiweto chake. Zonsezi zili pa AliExpress ndi Amazon, ndipo munthu wa m'mayadi amene ali ndi khadi la banki akhoza kuitanitsa ali khale pampando. Ogulitsa ati galu wanu adzagona bwino, adzaleka mantha, ndipo adzadziwa kuti mumamukonda.

Ine sindidana ndi munthu wokonda galu wake. Tinakula tikuona agalu akuponyedwa miyala, akudya mikute yowola ndi kugona pa phulusa, choncho ndikaona munthu akuganiza za msana wa galu wake ndimati tapita patsogolo. Koma ndalama ya chiweto ili ndi ndondomeko yake, ndipo choyamba pa mndandanda ndi katemera wa chiwewe. Galu amene wavala vesiti ya batire koma sanabayidwe ndi ngozi kwa mwana wanu ndi mwana wa aneba, ngakhale ubweya wake uwale bwanji.

Ndiyambe ndi kunena zabwino za zinthuzi. Kutikita minofu kuli ndi malo ake pa chisamaliro cha nyama. Madotolo a ziweto amakugwiritsa ntchito pa galu wokalamba amene mafupa amamuwawa, kapena amene wachitidwa opaleshoni ndipo akuphunziranso kuyenda. Ku America kuli kavesiti kotchedwa ThunderShirt, kamene kamafinya galu pang'ono kuti asanjenjemere mabingu akamagunda kapena anthu akamaphulitsa makombola a chaka chatsopano. Eni agalu ena amati kamathandiza. Koma galu amene akutsimphina afunika aonedwe ndi dotolo kaye, chifukwa kugwedeza malo amene pali chotupa, bala kapena fupa losweka ndi kuwonjezera ululu. Ndipo galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu, lilime lili panja. Kumuveka chovala chothina mu October wathu uno, dzuwa likuswa mtengo, ndi kumuzunza.

Palinso china chimene makina sangachite. Mukasisita galu ndi dzanja lanu, zala zimapeza nkhupakupa yobisala kuseri kwa khutu, utitiri kumchira, mphere imene ikuyamba, kapena bala limene wabwera nalo usiku. Vesiti imaphimba zonsezo. Dzanja silifuna kuchajidwa, ndipo amene tinapirira kuzima kwa magetsi mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, tikudziwa mmene zinthu za batire zimakhalira zikasowa moto. Mphindi zisanu madzulo, dzanja lili pamsana pa galu, zikuuzani zambiri za thanzi lake ndipo simulipira ngwee.

Manje tiyeni tipite kumene nkhani ili. Tikamva dzina loti Zingalume kuno ku Lusaka timaganiza za komboni ya kufupi ndi George ndi Matero. Koma kuli Zingalume wina ku Chadiza, kum'mawa, dera la Mfumu Zingalume ya Achewa, pansi pa Kalonga Gawa Undi. Kumeneko galu ndi wantchito. Amalondera khola la mbuzi ndi nkhokwe, amathamangitsa anyani m'munda, amaperekeza anyamata kokumba mbewa ndi koweta ng'ombe. Samangidwa, ndipo usiku amayenda mudzi ndi mudzi, kukumana ndi agalu ena ndi nkhandwe za kutchire. Boma la Chadiza lili m'malire ndi Mozambique, ndipo galu safuna pasipoti kuti awoloke.

Mudzi ndi tauni zimagawana agalu monga zimagawanirana ufa. Wa m'tauni akapita ku maliro kapena ku Kulamba ku Mkaika amabwerako ndi kamwana ka galu m'katoni kuti kadzalondere nyumba. Wina galu akamuvuta ku renti amamutumiza kumudzi kwa agogo. Ndi angati mwa ife amafunsa za katemera tisanakweze katoniyo m'basi? Chiwewe chimayenda m'malovu, ndipo galu amene wachitenga amatha kuoneka wabwinobwino kwa milungu kapena miyezi asanayambe kudwala. Kagalu kokongola kamene mwanyamula ku Chadiza kakhoza kufika nako ku Zingalume wa ku Lusaka, ndipo wa ku Lusaka akhoza kukakapereka kumudzi.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo muno mu Africa ndi ku Asia. Mwa anthu 100 amene amatenga matendawa, mpaka 99 amawatenga kwa galu, ndipo 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Ana ndiwo amasewera ndi agalu, ndi aafupi kotero kuti amalumidwa kumaso ndi m'khosi, ndipo akakandidwa pang'ono amabisa poopa kukalipiridwa. Kachilombo kamayenda m'mitsempha kulunjika ku ubongo, ndipo bala likakhala pafupi ndi mutu ulendo wake umafupika. Nthawi zambiri pamapita miyezi 2 kapena 3 munthu asanadwale, koma zimatha kutenga sabata imodzi chabe kapena chaka chathunthu. Zizindikiro zikaonekera, munthu akayamba kuopa madzi ndi kusokonezeka mutu, ndiye kuti kwatha. Ngakhale ku UTH kulibe mankhwala obweza munthu pamenepo.

Chowawa n'chakuti njira yopewera ndi yakale kwambiri. Louis Pasteur wa ku France anabayitsa katemera woyamba wa chiwewe mu July 1885 kwa mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa ndi galu, ndipo mnyamatayo anapulumuka. Tsiku limene Pasteur anamwalira, 28 September, ndilo dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe. Mabungwe a WHO ndi FAO pamodzi ndi anzawo anaika chaka cha 2030 kuti pofika pamenepo pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu. Akatswiri anapeza kuti agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabayidwa chaka ndi chaka, matendawa amasowa podutsa ndipo amazilala okha.

Wina anena kuti izi ndi za maiko olemera. Ayi, aneba athu anachita. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi boma la Malawi, linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 a ntchito. Anaika malo obayira m'masukulu ndi m'malo ena odziwika, ndipo ena anayenda khomo ndi khomo kusaka agalu amene sanabweretsedwe. Anapitirira mlingo uja wa 70, ndipo m'zaka zotsatira chipatala cha Queen Elizabeth chinaona ana odwala chiwewe akuchepa. Blantyre ili ndi makomboni ngati athu, agalu oyendayenda ngati athu, ndi matumba obooka ngati athu.

Kuno kwathu lamulo lilipo kale. Control of Dogs Act, mutu 247 wa malamulo a Zambia, ndi malamulo ang'onoang'ono otuluka m'menemo amafuna kuti galu alembetsedwe ndi kubayidwa, ndipo amapatsa boma mphamvu yolamula kuti agalu amangidwe m'dera limene mwabuka chiwewe. Tili ndi dipatimenti ya zaumoyo wa ziweto, tili ndi sukulu ya madotolo a ziweto ya Samora Machel pa UNZA, tili ndi mabungwe monga Lusaka Animal Welfare Society. Chosowa ndi kufika kwa katemera pakhomo la munthu wa kumudzi. Katemera amafuna kuzizira, ndiye kuti firiji ndi kabokosi ka ayezi. Mlangizi wa ziweto amafuna mafuta a njinga yamoto kuti azungulire midzi yotalikirana. Ndipo mwini galu amafuna kuuzidwa tsiku nthawi ikadalipo, chifukwa kugwira galu amene sanamangidwepo chibadwire si ntchito ya m'mawa umodzi.

Taganizani za mayi wa kwa Zingalume amene mwana wake walumidwa nthawi ya dzinja, misewu ili matope. Katemera wa munthu wolumidwa si jakisoni imodzi, amabayidwa kangapo pa masiku osiyana. Mayiyo ayenera kusiya munda, kupeza ya transipoti, kupita ku chipatala, ndi kubwererakonso. Akapeza kuti mankhwala atha, ulendo umatalika mpaka ku boma kapena ku Chipata. Ambiri amathera pa jakisoni yoyamba, ena amangopaka mankhwala a zitsamba n'kumayembekeza. Ndipo galu wachiwewe saluma anthu okha, amalumanso ng'ombe, ndipo ng'ombe yolima ikafa banja lataya chaka. Kubaya galu n'kotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kuchiza munthu wolumidwa. Ndalama ya kavesiti kamodzi, mukawonjezapo yotumizira kuchokera kunja, ikhoza kubayitsa agalu a mabanja angapo.

Ndikudziwa yankho la ena: “Ndalama ni yanga, galu ni wanga, ali mu fensi, nanga vuto ili pati?” Zoona, ndalama ndi yanu. Koma geti imatseguka, wantchito amaiwala kutseka, ndipo galu wamkazi akakhala pa nyengo yake amuna a m'komboni yonse amapeza podutsira. Amphaka nawo amatenga chiwewe, ndipo mphaka sadziwa fensi. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwana amene amadutsa pa geti yanu popita kusukulu sanasaine pangano lililonse ndi galu wanu.

Kwa makhansolo ndili ndi mawu awiri. Nthawi zambiri timamva za agalu pokhapokha munthu akalumidwa, ndipo chotsatira chimakhala mfuti. Kuwombera agalu oyendayenda kumaoneka ngati ntchito yagwirika, koma akatswiri a WHO ananena kalekale kuti paokha sikuthetsa chiwewe. Agalu ena amabadwa, ena amabwera kudzadya pa dzala lomwelo, ndipo pakati pa ophedwa pamakhala obayidwa kale amene anali ngati mpanda wa dera. Ndalama ya zipolopolo ipite ku katemera, ku kufula agalu kuti asaswane mopitirira, ndi kuchotsa zinyalala m'misika. Chachiwiri, kulembetsa galu kukhale kosavuta. Munthu akafunika kutaya tsiku lonse pamzere kuti apeze kapepala, adzangobwerera kunyumba.

Kwa ife a m'tauni amene kwathu ndi ku Chadiza, Katete, Vubwi kapena kwina kulikonse kum'mawa, tili ndi magulu a WhatsApp osonkha za maliro ndi zaukwati. Mwezi uliwonse timatumiza ya feteleza ndi ya sukulu pa foni. Tingalephere kusonkha kamodzi pachaka kuti mlangizi wa ziweto afike m'mudzi mwathu? Njira yake ndi kukambirana ndi ofesi ya zaziweto pa boma, kupempha anyakwawa kuti alengeze tsiku, ndi kuuza aphunzitsi kuti atume ana kukakumbutsa makolo. Mfumu ikanena kuti galu aliyense abwere pabwalo, anthu amamva kuposa chikwangwani cha ku Lusaka. Ndipo mwezi wouma, anthu atakolola, ndiyo nthawi yabwino, misewu ikupitika ndiponso manja ali omasuka.

Aphunzitsi omwewo aphunzitse ana chinthu chimodzi chimene chimapulumutsa moyo. Galu kapena mphaka akakuluma kapena kukukanda, tsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, uza munthu wamkulu, ndipo mupite ku chipatala tsiku lomwelo. Osadikira kuti bala litupe, osathira dothi, osamanga nsalu yothina. Galu woluma, ngati n'kotheka kumutsekera popanda wina kulumidwanso, asungidwe ndi kuyang'aniridwa masiku 10, ndipo a zaziweto adziwitsidwe. Koma wolumidwayo asadikire masiku amenewo kuti ayambe katemera.

Tsono inu amene chala chili kale pa batani logulira kavesiti, imani pang'ono. Tsegulani kabati muone khadi la galu wanu ndi deti limene anabayidwa komaliza. Kamwana ka galu kamabayidwa kakafika miyezi 3, ndipo pambuyo pake mumatsatira masiku amene dotolo walemba. Onani ngati anamwa mankhwala a njoka za m'mimba, ngati nkhupakupa zachotsedwa, ngati ali ndi madzi oyera ndi mthunzi masana. Imbani kumudzi mufunse ngati agalu a pakhomo pa amayi anabayidwa chaka chino, ndipo ngati sanabayidwe tumizani ndalamayo kumeneko. Zonsezi zikakhala m'malo mwake ndipo chenji yatsala, gulani vesitiyo, ine sindidzakunenani.