Tidalima majeremusi m'botolo

Mdzukulu wanga wa Sitandade 6 adandipanikiza tsiku lina tikusamba m'manja kuti tidye nsima. "Agogo, majeremusi amene mumatiopseza nawowa, inuyo munawaonapo?" Ndidasowa chonena. Pakhomo pathu timasamba m'beseni limodzi, kuyambira akulu mpaka kamwana kotsiriza, ndipo mawu okha adali atalephera kusintha khalidweli.

Lamulungu lotsatira tidagula mbatatesi pamsika wa Namadzi n'kutolera mabotolo anayi agalasi okhala ndi zotsekera, aja mumabwera jamu. Nzeruyi si yanga ayi. Cha m'ma 1880, Robert Koch, dokotala wa ku Germany yemwe pambuyo pake adafufuza kachilombo koyambitsa kolera, ankameretsa majeremusi pa zidutswa za mbatatesi yophika. Adagwiritsanso ntchito jelatini, koma ankasungunuka kukatentha, mpaka mayi wina, Fanny Hesse, adawauza za agar, wochokera ku ndere za m'nyanja, yemwe iye ankaumitsira zakudya kukhitchini kwake. Ife agar tilibe, ndipo jelatini wambiri amachokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, nkhumba ili momwemo. Choncho mbatatesi ndiyo yotiyenera.

Sendani mbatatesi, muidule zidutswa zokhuthala ngati chala. Ikani chidutswa chimodzi m'botolo lililonse, muvindikire mosamangitsa, muimike mabotolowo mumphika wa madzi pang'ono, nthunzi iwaphike kwa mphindi 30. Azizire ali chivindikirire. Apa mpamene pagona nkhani yonse: tikufuna kupha zonse zimene zidali pambatatesi kuti chomera pambuyo pake chikhale chimene tadzala tokha. Ulendo woyamba ine ndidafulumira, ndidaphika mphindi zochepa, ndipo mabotolo onse adachita chuku mofanana. Tidayambiranso.

Botolo loyamba musaligwire n'komwe, ndiye mboni yanu. Lachiwiri mwana akhudze mbatatesi ndi chala atangochokera kosewera. Lachitatu akhudze atasamba ndi sopo pamadzi othirira, n'kudikira manja aume okha. M'lachinayi dontheza madontho awiri a madzi a m'beseni lija aliyense atasambamo. Tsekani, mumate ndi selotepi, mulembe manambala, muike pamalo ofunda opanda dzuwa pomwe ana aang'ono sangafike.

Kwathu, pofika Lachinayi botolo la m'beseni lidali ndi timadontho tonyezimira, tina toyera tina tachikasu, ndipo m'mbali mudayamba ubweya wotuwa. La chala chosasamba lidatsatira. La sopo nalo lidameraponso pang'ono, ndipo mdzukulu adaseka kuti wandigwira bodza. Sichodabwitsa: khungu lili ndi majeremusi ake okhala pomwepo, ambiri osavulaza, ndipo sopo sachotsa onse, amangochepetsa kwambiri. Kadontho kalikonse kamene mukukaona ndi khamu la majeremusi mamiliyoni amene achulukana kuchokera ku ochepa chabe.

Musawauze ana kuti chameracho ndi kolera, chifukwa ndi maso simungadziwe mtundu wake. Chimene botolo likuonetsa ndi njira imene zosaoneka zimayendera kuchoka m'dzanja lina kupita m'dzanja lina, njira yomwe idathandiza kufalitsa mliri wa 2022 ndi 2023 umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Chenjezo langa ndi limodzi, ndipo sindikuseka: botolo likatsekedwa lisatsekulidwenso, ngakhale mwana alire kuti akufuna kununkhiza. Musayeserenso ndi za kuchimbudzi, malovu kapena za pachilonda. Pakatha sabata, munthu wamkulu awiritse mabotolowo kwa mphindi 30 m'chitini chakale chosaphikira, atamasula zotsekera pang'ono, kenako zam'katimo azitaye m'chimbudzi chokumba. Mabotolowo asabwererenso kukhitchini.

Aphunzitsi a Pathfinder, izi n'zotheka ndi mbatatesi ziwiri zokha. Kwathu beseni lija likadalipo, koma tsopano limangolandira madzi ochokera m'jagi, ndipo wothirira aliyense, ngakhale agogo ake aamuna, ndi mdzukulu yemwe uja.