Kutha kwa mapiritsi si kutha kwa chibayo

Munthu akatuluka m'chipatala atadwala chibayo timamulonjera kuti, "Mwachira, tithokoze Mulungu." Ozonda amasiya kubwera, wachibale amene ankamudwazika amabwerera kwawo, ndipo sabata isanathe abwana amayamba kuimba foni kufunsa tsiku loyamba ntchito. Ambirife timayesa kuti matenda amatha tsiku limene piritsi lomaliza lamezedwa. Pa chibayo maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo akuvulaza anthu. Mankhwala amagwira mbali yawo, mbali yotsalayo ndi ya kupumula, ndipo wodwala sangapumule ngati ife omuzungulira sitimupatsa mpata.

M'mapapo mwathu muli timatumba ting'onoting'ono mamiliyoni ambirimbiri, ndipo ndi mmenemo momwe mpweya umene takoka umalowera m'magazi. Tizilombo ta bakiteriya, makamaka kamene madokotala amakatcha Streptococcus pneumoniae, tikafika m'timatumbati, thupi limatumiza asilikali ake kukalimbana nato, timatumbato n'kudzaza madzi ndi mafinya. Apa m'pamene wodwala amabanika, kumva kubaya m'nthiti akamakoka mpweya, kutentha thupi, kunjenjemera, ndi kulavula makhololo achikasu kapena ofiirira. Mankhwala monga amoxicillin, kapena jakisoni kwa amene agonekedwa, amagonjetsa tizilomboto, ndipo kawirikawiri amaperekedwa kwa masiku 5 mpaka 7. Koma mankhwalawo satsuka mapapo. Dimba likasefukira, madzi amaphwa msanga, koma matope ndi zinyalala zimatsala, ndipo mwini wake amatha masabata akukonza. Mafinya, tizilombo takufa ndi zotupa za m'mapapo zimachotsedwa ndi thupi lenilenilo, pang'onopang'ono, pogwiritsa ntchito mphamvu zochokera ku chakudya ndi tulo. N'chifukwa chake chithunzi cha X-ray chimatha kuonetsabe mthunzi m'mapapo a munthu amene akuyenda bwinobwino, ndipo dokotala akafuna kujambulanso amadikira pafupifupi masabata 6.

Bungwe la NICE, limene limalangiza zachipatala ku Britain, linatulutsa mu 2014 ndondomeko ya zimene wodwala chibayo ayenera kuuzidwa. Pakatha sabata imodzi kutentha thupi kumayenera kukhala kutatha. Pa masabata 4 kupweteka kwa pachifuwa ndi makhololo zimakhala zitachepa kwambiri, pa masabata 6 kutsokomola ndi kubanika nazonso zimachepa. Pa miyezi 3 zambiri zimakhala zitatha koma kutopa kumatha kupitirira, ndipo anthu ambiri amadzimva kuti abwerera mwakale pakatha miyezi 6. Si onse amatsata ndendende ndondomeko imeneyi; mnyamata wamphamvu amachira msanga, gogo kapena munthu wa shuga amachedwa. Koma tayerekezani masiku 7 a mapiritsi ndi miyezi imeneyi. Munthu amene akutopa patatha mwezi chitulukireni m'chipatala si waulesi, ndipo sanalodzedwe. Thupi lake likadali pantchito yokonza mapapo. Palinso china chimene sitikamba kawirikawiri: madokotala anaona kuti m'masabata otsatira chibayo mtima umakhala pachiopsezo chachikulu kuposa nthawi zonse, makamaka kwa achikulire ndi odwala BP. Kumutuma munthu wotereyu kukanyamula matumba a chimanga ndi kuseweretsa moyo wake.

Wina anena kuti kupumula n'kwa anthu olemera, ndipo mawu ake ali ndi nzeru. Wakabaza akapanda kutchova lero, ana agona ndi njala lero lomwe. Mayi wogulitsa tomato pamsika alibe tchuthi, ndipo udzu wa m'munda mu Disembala sudikira kuti mwini munda achire. Sindikutsutsa zimenezi. Koma umphawi susintha mmene mapapo amapolera. Tamuonani wakabazayo pa chitunda, kasitomala ali kumbuyo: pakamwa pali yasa, thukuta lili kamukamu, pakati pa chitunda watsika n'kumatsokomola atagwira m'nthiti. Ndalama ya tsikulo waipeza, koma thupi limene silinapole likakakamizidwa limachedwa kuchira, ndipo limagwidwa mosavuta ndi matenda ena. Akagwanso, banja limataya masabata ambiri, kuphatikizapo ndalama zoyendera ndi zodyera kuchipatala. Chimene mawu otsutsawa akuonetsa n'chakuti wosauka sangapumule payekha, ndiye udindo ukugwera ife. Maliro akagwa, pasanathe tsiku ufa, nkhuni ndi chipepeso zasonkhanitsidwa. Bwanji zimativuta kusonkhera munthu akadali moyo, kuti akhale pansi masabata awiri kapena atatu? Makolo athu ankaitanitsa dima munda wa mnzawo ukakula mphamvu. Lero tili ndi mabungwe a amayi m'mipingo, tili ndi banki mkhonde, tili ndi magulu a akabaza pasiteji iliyonse. Onsewa angathe kupalira munda wa wodwala kapena kugulira banja lake ufa mpaka atapeza bwino.

Kwa amene ali pantchito yolembedwa, lamulo linalankhula kale. Employment Act ya 2000 imati munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda cha masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse, bola akhale ndi kalata ya dokotala. Ambiri, makamaka alonda ndi antchito a m'nyumba, amaopa kupempha tchuthichi poganiza kuti ntchito iwathera. Abwana ena amati anthu amanamizira kudwala. Alipodi otero, koma kalata ya dokotala ilipo chifukwa cha zomwezo, ndipo bodza la mmodzi si chifukwa chomanira wodwala weniweni ufulu wake.

Azachipatala nawo ali ndi chenjezo lawo, loti kugona pamphasa tsiku lonse kumavulaza. Akunena zoona. Munthu akangogona chagada masiku ambiri makhololo amaunjikana, minofu imafooka, magazi amatha kuundana m'miyendo. Kupumula kumene ndikunena si kumeneko. Wodwala adzuke, akhale tsonga pampando, azikoka mpweya wambiri kangapo pa ola, atsokomole kuti makhololo atuluke, ayende pabwalo, mawa awonjezere pang'ono, akatopa akhale pansi. Amwe madzi ambiri, adye phala la nsinjiro, mazira, usipa, masamba ndi zipatso, agone tulo tokwanira, fodya ndi mowa azisiye. Chimene ayenera kupewa ndi ntchito yomusiya ali wefuwefu, ndiponso utsi. Apa amayi ndi amene timawalakwira kwambiri. Bambo akadwala amayaliridwa mkeka pakhonde, koma mayi akangotuluka m'chipatala amabwerera m'khitchini yopanda windo kukauzira moto wa nkhuni zaziwisi, kenako n'kusenza ndowa ya malita 20 kuchokera ku mjigo. Utsi umenewo ukulowa m'mapapo omwe aja amene sanapole.

Kupumula kusasanduke chifukwa chokhalira kunyumba zinthu zikamaipa. Thupi likayambanso kutentha, kubanika kukamakula, makhololo akatuluka ndi magazi, kapena wodwala akayamba kusokonezeka mutu, athamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chifuwa chosachepa, chophatikizana ndi kuonda ndi thukuta la usiku, chiyezedwe TB, ndipo amene chibayo chimamubwererabwerera ayezetse HIV. Kwa ana kusamala kukhale kwakukulu, poti bungwe la WHO linapeza kuti mu 2019 chibayo chinapha ana osafika zaka 5 oposa 740,000 padziko lonse. Katemera wa chibayo alipo kusikelo kuno kwathu kuyambira 2011, koma mwana amene akupuma mofulumira, nthiti zikulowa mkati, kapena akukana kuyamwa musagone naye kunyumba.

Inu amene muli ndi wachibale kapena wantchito amene wangomaliza mankhwala a chibayo, musamufunse kuti ayamba liti ntchito. Mutungireni madzi, muphikireni, mupalireni munda, mupatseni tchuthi chake chonse, ndipo mukamuzondenso mwezi wamawa.