Galimoto za pa Okushoni ya Boma: Wogula Adekhe, Wogulitsa Akhulupirike

Nthawi ndi nthawi maunduna, nthambi za boma ndi makhonsolo amalengeza m'nyuzipepala kuti agulitsa galimoto zakale pa okushoni, ndipo chilengezo chotere chikangotuluka, aphunzitsi ndi ena ogwira ntchito m'boma amayamba kuwerenga ndalama zimene adasunga. Ife sitikuwadzudzula. Mphunzitsi amene watha zaka 20 akupalasa njinga m'matope, kapena kalaliki amene adavutikapo kufunafuna galimoto usiku mwana atadwala, ali ndi chifukwa chomveka cholakalakira galimoto yakeyake. Komanso ndalama ya kwacha idatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kuti kuitanitsa galimoto ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam kudasanduka maloto kwa ambiri olandira malipiro a pamwezi. N'chifukwa chake maso a anthu ali pa okushoni.

Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyenera kudzifunsa chifukwa chimene boma likugulitsira galimotoyo. Mwa dongosolo lake, akatswiri amayamba aiona ndi kutsimikiza kuti kuikonza kungadye ndalama zambiri kuposa ntchito imene yatsala nayo. Galimoto ya nambala ya MG imakhala itakwera mapiri a ku Misuku, itawoloka mitsinje ya ku Makanjira ndi kupsa ndi dzuwa la m'chigwa cha Shire, ikusinthana madalaivala ambirimbiri. Ikafooka imaimikidwa kuseri kwa ofesi, ndipo pamenepo mabuleki amachita dzimbiri, mipira ya mu injini imauma, makoswe amadya mawaya, ndipo kawirikawiri batire ndi matayala zimachotsedwa kuti zikathandize galimoto ina. Pa okushoni imagulitsidwa monga momwe iliri. Munthu akagula wagula, palibe kubweza.

Tsono tikupempha aliyense wofuna kugula kuti akumbukire mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamakhala masiku oonera galimoto tsiku logulitsa lisanafike. Pitani ndi makanika amene mumamkhulupirira, ngakhale mumlipire, pakuti ndalama imeneyo ndi yochepa poyerekeza ndi imene mungataye. Aone injini ndi magiya, alowe kunsi aone ngati chitsulo sichidathyokepo ndi kuwotcheredwa. Yerekezani nambala ya injini ndi ya chesisi ndi zimene zalembedwa m'mapepala. Funsani ngati zipangizo za mtundu umenewo zimapezeka ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, chifukwa galimoto yosowa zipangizo imasanduka khola la nkhuku pakhomo. Funsaninso za msonkho wa kasitomu, makamaka pa galimoto zimene zidalowa m'dziko muno popanda msonkho kapena zimene bungwe la MRA likugulitsa eni ake atalephera kuziwombola. Safunsa adadya phula.

Chachiwiri, mtengo umene wogulitsa watchula pomaliza ndi chiyambi chabe cha ndalama zimene zidzatuluke m'thumba. Galimoto yosalira iyenera kukokedwa kapena kunyamulidwa, ndipo onyamula salipidwa ndi zikomo. Pali matayala, batire ndi ntchito ya makanika. Pali kusintha umwini ku ofesi yoona za pamsewu ndi kulandira nambala yatsopano, popeza nambala ya MG ndi ya boma. Pali chiphaso cha COF chotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndiponso inshuwalansi imene lamulo limafuna. Munthu wanzeru amawonkhetsa zonsezi ali kunyumba, nachotsa pa ndalama zimene ali nazo, ndipo zotsalazo ndiwo malire ake. Alimi a fodya amene amagulitsa ku Limbe, Kanengo, Chinkhoma ndi Mzuzu akudziwa kuti pa okushoni zinthu zimathamanga. Pamenepo manyazi ndi kufuna kuonekera zimakweza dzanja la munthu mutu usanaganize. Mtengo ukadutsa malire anu, tsitsani dzanja. Ndi bwino kubwerera pa basi ndalama zili m'thumba kusiyana ndi kuthira penshoni yonse, kapena ndalama za katapila, pa chitsulo chimene sichidzatuluka pa geti.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina, ndipo tikuilunjikitsa kwa akuluakulu amene apatsidwa udindo wogulitsa. Galimoto ya boma idagulidwa ndi msonkho wa mlimi, wa msodzi ndi wa mphunzitsi yemweyo. Ngakhale itakalamba, ikadali chuma cha anthu onse. N'chifukwa chake Nyumba ya Malamulo, pokhazikitsa bungwe la PPDA mu 2017, idaika pamodzi kagulidwe ndi kagulitsidwe ka katundu wa boma, posonyeza kuti chinyengo chingalowe potulutsa katundu monga momwe chimalowera pomugula.

Njira za chinyengo chotere ndi zodziwika. Wina angachotse dala chipangizo chaching'ono kuti galimoto yabwino ioneke yakufa, mnzake aigule motchipa, madzulo ake chipangizo chija n'kubwerera m'malo mwake. Wina angachedwetse chilengezo kuti amve ndi ochepa okha. Wina anganong'oneze mlamu wake mtengo umene boma laika. Wochita zotere ndi wakuba, ngakhale avale tayi, ndipo lamulo lothana ndi ziphuphu la 1995, limene lidabala bungwe la Anti-Corruption Bureau, lidalembedwera anthu otere. Kwacha iliyonse yotayika pa okushoni ndi choko chimene sichidafike m'kalasi ndi mankhwala amene sadafike kuchipatala.

Choncho ife tikuti chilengezo chizituluka nthawi ilipo, m'nyuzipepala ndi pa wailesi, m'Chingerezi ndi m'Chichewa, kuti mphunzitsi wa ku Chitipa amve tsiku limodzi ndi wamalonda wa mu Blantyre. Masiku oonera akhale okwanira, ndipo mbiri ya kakonzedwe ka galimoto iliyonse ionetsedwe kwa wofunsa. Amene adakhala nawo poika mtengo asakhalenso wogula, kaya yekha kaya kudzera mwa mbale. Ndiponso galimoto ikaweruzidwa kuti yatha ntchito igulitsidwe msanga, pakuti chaka chilichonse chimene ikhala pamiyala udzu ukumera m'kati, boma limataya ndalama ndipo wodzagulayo amalandira chitsulo chowola.

Galimoto yotsika mtengo chifukwa cha ukalamba wake ndi mwayi woyenera kwa munthu amene wadekha ndi kuwerengera. Galimoto yotsika mtengo chifukwa cha chinyengo ndi katundu wobedwa kwa mtundu wonse. Tikupempha aphunzitsi, amene ana amaonera khalidwe, kuti agule ndi maso otsegula ndi manja oyera. Tikupemphanso akuluakulu a m'maofesi kuti asunge mwambo ndi kukhulupirika, kuti tsiku la okushoni likatha, wogula apite kwawo mokondwa ndipo ndalama yonse ifike m'thumba la boma.