Malipenga Opanda Lipenga

Abale athu okhala m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chia kufikira ku Dwambazi, tiri nao mlandu umene tifuna kuutula pabwalo panu mwezi uno, ndipo mlanduwo ngwa gule. Kapena ena adzati, Kodi aphunzitsi asowa conena, kuti adzaze tsamba ndi nkhani ya masewera? Iai, sitinasowe. Koma cinthu cimene mudzi wonse ucisiyira khasu ndi khoka masiku awiri, nuciphera mbuzi, nucisinjira mpunga, sicingakhale cacabe. Ndipo ngati ciri kuonongeka, kuyenera kuti wina anene.

Malimwe apitawa tinaitanidwa ku msonkhano wina, dzina lace tilisunga, kumene maboma atatu a malipenga anadza kudzapikisana pamaso pa mlendo wolemekezeka. Mlendoyo anacedwa kufikira dzuwa litapendeka. Pamene anafika, mkuru wa mwambo anauza boma liri lonse kuti lipatsidwa maminiti asanu okha. Pomwepo anyamata analowa m'bwalo cothamanga, ng'oma iri kugunda ngati ya anthu opirikitsa njobvu m'munda. Nadumpha, nadzigwetsa pansi, napidiguka, wina nakwera pa mapewa a mnzace. Cimkuza-mau anaciika pafupi ndi ng'oma yaikuru, cotero kuti kanthu kena konse sikanamveka. Malipenga anali nao m'manja ndithu, koma anali kuwatukula ndi kuwatsitsa monga ndodo, ndipo amene anawaika pakamwa anali owerengeka. Anthu anaomba m'manja, ndi ife tomwe tinaomba, pakuti mphamvu ya anyamatawo inali yozizwitsa. Koma nkhalamba ina imene inakhala pafupi nafe, imene inali Kaputeni wa boma masiku ace, inatikodola niti, Aphunzitsi, kodi nyimbo ija inali iti? Ndipo tinalibe poyankha. Pobwerera m'njira tinachera khutu kwa ana, ngati wina adzang'ung'udza cimene anamva. Panalibe ndi mmodzi yense.

Tiyambe takumbukira kumene gule uyu anacokera. M'zaka za m'ma 1890, m'midzi ya Aswahili ya kugombe la nyanja yamcere, monga Lamu, Mombasa ndi Pangani, munabuka magulu opikisana ochedwa Beni, otsanza asilikari a Azungu ndi oyimba ao. Dzinalo ndilo mau a Cingerezi akuti band, opindidwa ndi lilime la Ciswahili. Ndipo inadza nkhondo ya Ciwaya. Mfuti zinalira ku Karonga pa 9 September 1914, ndipo kufikira 1918 amuna a dziko lino anatengedwa ambirimbiri, ena usilikari wa King's African Rifles, koma ocuruka umtengatenga. Amene anapulumuka njala, kamwazi ndi cimfine cija ca 1918 anabwera kwao ataona perete, atamva malipenga a mkuwa, atakomana ndi Beni m'maiko a Jeremani. Linga lathu linazolowera kale kulandira za kugombe, kuyambira masiku a Jumbe Salim bin Abdallah; ndipo m'mbali monse mwa nyanja, kwa Atonga a ku Chintheche, pa Likoma ndi Chizumulu, ndi kumtunda kwa Acewa kumene amchula mganda, gule watsopanoyo anamera ngati maungu pa culu.

Tsono taonani nzeru ya makolo athu. Ndalama za kugula lipenga la mkuwa analibe. Anatenga mphonda yaitali, naiumitsa, naiboola, namatapo mvema, ndiye kansaru koyera kamene kangaude aphimba nako mazira ace. Lipenga lotere silimaombedwa monga la mkuwa. Munthu ayimba ndi pakhosi pace m'kati mwace, ndipo mvema unjenjemera nukuza mauwo, nuwasandutsa ngati a mkuwa. Mphonda zazing'ono zitenga mau a pamwamba, zazikuru zitenga a pansi. Ife amene tinaphunzira do, re, mi ku sukulu ya uphunzitsi, ndi kubvutika miyezi yambiri kuti ana agwire mau anai osasokonezana, tinacita manyazi tsiku limene tinazindikira kuti asodzi osadziwa kulemba dzina lao anali kucita comweco pa mcenga madzulo onse, wopanda bolodi kapena coko.

Pamenepa ndipo pagona mlandu wathu wonse, ndipo tipempha kuti mumvetse. Popeza lipenga la mphonda liribe mau ace a ilo lokha, nyimbo iri m'cifuwa ca munthu. Munthu ali ndi mpweya umodzi. Akaupereka kwa miyendo, sautsala wa pakhosi. Cifukwa cace akuru aja anabvina mofatsa, ndi kuponda kwa ulemu, thupi liri ciriri, mutu uli m'mwamba, phazi liri kukwezedwa pang'onopang'ono ngati la kakowa m'dambo. Anyamata a lero ayesa kuti kufatsa kumeneko kunali ulesi kapena ukalamba. Sikunali. Kunali kuwerengera mpweya. Mabvinidwe anapangidwa kuti atumikire nyimbo. Ndipo pamene mufulumiza ng'oma ndi kuonjeza kudumpha, mwadula nyimbo pakhosi, mungakhale simunafune kutero.

Ndi makonzedwe onse a masewera anali otero. Boma silinayambira pabwalo. Linayambira kutali, kuseri kwa mitengo, ndipo anthu anayamba kulimva asanalione. Akazi anasiya mitondo nati, Awo ndi akuti, pakuti boma liri lonse linadziwika ndi nyimbo zace monga munthu adziwika ndi liu lace. Linadza m'mizere, malaya oyera, akabudula oyera, masokosi aatali, Kingi ali ndi ulemu wace, Kaputeni ali ndi ndodo yace, Dokotala ali kuyang'ana ngati wina wadza wosasamba. Nyimbo inayimbidwa ndi pakamwa kuti mau ace amveke, ndipo malipenga anailandira. Ndipo womvera, atagwira kale mauwo, anawamvanso m'mphonda angakhale sanachulidwe. Mau akewo sanali a cabe. Anali kudzudzula machona a ku Joni ndi ku Harare amene anaiwala akazi ao, kudandaula za msonkho, kunyoza boma la tsidya lija la mtsinje kuti zobvala zao zacapidwa m'thope. Mudzi unali kudzilankhula wokha. Zonsezi sizilowa m'maminiti asanu.

Nthenda iyi siiri kwathu kokha, ndipo pali phindu kuona kumene yafika kwa ena. Ku America kuli magulu a anyamata ndi atsikana oyimba ng'oma ndi malipenga mopikisana, ndipo cozizwitsa ncakuti iwonso anakula m'manja mwa asilikari obwera ku nkhondo yomweyo ya 1914. Bungwe lao lalikuru, Drum Corps International, linacita mpikisano wace woyamba m'caka ca 1972 ku Whitewater, m'dera la Wisconsin. Kuyambira pamenepo malamulo akhala ali kumasulidwa limodzi limodzi. M'caka ca 2000 analola malipenga a mitundu yina pambali pa aja a kale a usilikari. Mu 2004 analola zimkuza-mau. Mu 2009 analola zoyimbira za magetsi. Mu 2016 gulu la Bluecoats, la ku Canton, Ohio, linapambana litataya zipewa ndi majekete a usilikari, liri kukwera ndi kutsetsereka pa zinthu zimene linaimika m'bwalo. Luso lao ndi lalikuru, sitikana. Gulu limodzi lipitirira anthu 150, ndipo athamanga osaphonya phazi. Koma pakati pa okonda masewerawo pali mkangano wosatha, pakuti ambiri a kale adandaula kuti nyimbo yadulidwa nthuli nthuli kuti ikwanire pa mayendedwe, ndi kuti munthu aturuka m'bwalo atazizwa koma wopanda kanthu koyimba m'njira. Iwo ali ndi mapepala olembapo nyimbo zao zonse za kale, ndipo tsiku limene adzazifuna adzazipeza. Ife zathu ziri m'mitu ya nkhalamba.

Kodi wolakwa ndani? Anyamata sitiwapatsa mlandu waukuru. Mnyamata abvina cimene aomberedwa m'manja. Mlandu uli pa oitana. M'zaka za ulamuliro wa Dr. Kamuzu Banda, kuyambira 1964 kufikira 1994, magule a dziko lonse anasonkhanitsidwa ku misonkhano, gulu liri lonse kulowa ndi kuturuka mwa kamphindi, ndipo nyimbo za m'mudzi zinasandulika zotamanda. Tinayesa kuti 1994 idzabweza gule kwa eni ace. Koma zipani zinacuruka, ndipo ndi oitana omwe anacuruka. Lisa Gilman analemba buku lonse la nkhani imeneyi mu 2009. Pamwamba pa iwo panadza mabungwe ofuna nyimbo ya uthenga wao, ndi nyumba za alendo zofuna kanthu kofulumira alendo asanadye. Onsewa afuna cooneka ndi maso, pakuti mlendo sadziwa cinenero, ndipo kanema wa pa foni akonda wodumpha koposa woyimba.

Ndipo ife aphunzitsi tisadzibise kuseri kwa ena. Ndife amene tikhala pa mipando ya oweruza m'mipikisano ya sukulu, pepala liri m'manja, tiri kupatsa malikisi pa zobvala, pa kulowa, pa kuturuka, pa mphamvu; ndipo kangati tinafunsa ngati mau a pansi anamveka? Tinaphunzitsa ana kubvina malipenga ndi timitengo m'manja m'malo mwa mphonda, cifukwa kufuna mphonda kunatibvuta. Mbadwo umene tiri kuudandaulawu unaturuka m'manja mwathu.

Tidziwa cimene anyamata adzayankha, pakuti anatiyankha kale. Ati, Bambo, kodi malipenga sanali cinthu catsopano masiku ao? Kodi agogo athu sanatsanza Azungu, akuru ao ali kung'ung'udza? Mwanena zoona, ana athu, ndipo cifukwa cace sitiri pamodzi ndi aja akana catsopano ciri conse. Mvema ukasowa, matani kajumbo kopyapyala; tamva, ndipo kalira bwino. Pekani nyimbo za masiku ano, za mtengo wa feteleza, za usipa umene ucepa, za abale a ku Joni amene atumiza mau pa foni osatumiza ndalama. Onjezani mapondedwe amene agogo anu sanawadziwa. Koma zindikirani kusiyana kwace. Agogo anu anaona lipenga la mkuwa, nasowa ndalama, napanga njira yakuti nyimbo imveke. Inu muli nalo lipenga m'manja, ndipo mwapanga njira yakuti likhale cete. Pamene Hugh Tracey anayenda m'dziko lino ndi makina ace mu 1950, cimene anatenga kunka naco ku South Africa, cimene cisungidwa kufikira lero ku Rhodes University, ndico mau a mphonda. Akadadza ku msonkhano uja wa malimwe apitawa, akadatenga kugunda kwa ng'oma ndi mfuu wa anthu.

Tsono tipempha a Kingi ndi a Kaputeni a maboma onse, inu eni ace a gule: woitana akati maminiti asanu, muuzeni mwaulemu kuti m'maminiti asanu mudzayimba nyimbo imodzi yathunthu, ciyambire kufikira cimariziro, ndipo kudumpha kudikire. Akakana, kuli bwino kutaya ndalama ya tsiku limodzi. Musaleke kuitanizana mudzi ndi mudzi monga kale, kumene kulibe mlendo wolemekezeka ndi wochi yace, pakuti kumeneko ndiko nyimbo zazitali zikhala ndi moyo. Mafumu athu angathe kuthandiza pamenepa koposa munthu wina ali yense, popeza bwalo ndi lao. Oweruza anzathu, gawani malikisi pakati, theka likhale la nyimbo. Ndipo mmodzi wa inu akhale cofulatira bwalo, aweruze ndi makutu okha. Cimkuza-mau cicoke pa ng'oma, imene siinasowe mphamvu ndi kale lonse. Ndipo mnyamata ali yense amene ali ndi foni apite kwa nkhalamba ya boma lace isanagone, aiyimbitse nyimbo zonse izikumbukira, mau a pamwamba ndi a pansi omwe.

Ife pa sukulu yathu tayamba ndi cimene tingathe. Amai ena a m'mudzi mwathu anasunga mbeu za mphonda zazitali zija, ndipo anatipatsako cikho cimodzi. Mvula yoyamba ikagwa tidzazibzala kuseri kwa nyumba ya sukulu, pafupi ndi mpanda kuti ziyange. Kaputeni wokalamba uja wabvomera kudza Laciwiri liri lonse madzulo kudzaonetsa ana maboolede ace, ndi kumene mvema upezeka m'nyumba za maudzu.